Mawu a Mlangizi: Chikwangwani cha Kalabu Chosemedwa ndi Makina

Alimi anzanga, ino ndi nyengo imene makalabu ndi makoperetivi ambiri agulitsa soya, mtedza ndi nandolo, ndipo m'thumba la gulu muli kandalama. Pa misonkhano ya ku Lunzu, ku Mpemba ndi ku Chileka funso limodzi lili kubwerabwera: "Alangizi, tifuna chikwangwani cha pamsewu chonga cha anzathu aja, cha zilembo zozokotedwa pa thabwa. Tipite kwa yani, nanga tinyamule chiyani?" Funso ili ndi labwino ndithu, pakuti wogula mbewu wochokera m'tauni saimitsa galimoto pamene palibe dzina. Koma ndalama ya chikwangwani ndi ya anthu ambiri amene anasonkha movutika, ndipo thabwa likasemedwa molakwa silifufutika ngati choko pa bolodi. Chotero lero tisiye pang'ono za manyowa, tikambe za zilembo.

Ambiri a inu mukafuna chinthu cha manja mumakwera minibasi kupita ku Ndirande, ndipo simulakwa. Pa Chinseu, kumsika ndi m'tinjira ta ku Goliyo muli akalipentala, owotcherera zitsulo, okhoma ndowa ndi mbaula, ndiponso olemba zikwangwani ndi bulashi amene dzanja lawo silinjenjemera. Amisiri amenewa ndiwo adzakupalirani thabwa ndi kukupangirani felemu ndi mizati. Koma zilembo zosalala kwambiri zija mwaziona pa zipata ndi pa masitolo a mu mzinda wa Blantyre, zambiri sizisemedwa ndi dzanja iyayi. Zimasemedwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, amene eni ake amawatcha CNC. Makina otere ndi a mtengo wapatali, ndipo si mmisiri aliyense ali nawo. Mmisiri amene alibe makina angathe kulandira ntchito yanu, napita nayo kwa mwini makina, iye nadzatsiriza yekha kupaka penti ndi kuimika. Palibe choipa pamenepo. Koma taonani kuti mawu anu tsopano adutsa m'manja atatu: a mlembi wa kalabu, a mnyamata wa pa kompyuta, ndi a woyendetsa makina. Zolakwa zimalowa pamene mawu achoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina.

Makinawo ali chotere. Pali tebulo lalikulu lathyathyathya pamene amapanikizapo thabwa. Pamwamba pake pamayenda injini yaing'ono yozunguza kachitsulo kakuthwa kamene amisiri amati biti. Kachitsuloka kamazungulira maulendo 18,000 pa mphindi imodzi, nthawi zina kuposa. Kamayenda njira zitatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, m'mwamba ndi pansi. Koma makinawa alibe maso, ndipo sadziwa Chichewa. Amangotsata manambala amene kompyuta yawapatsa. Kalipentala akaona kuti chilembo chapindika amaima nafunsa. Makina safunsa. Mukawapatsa cholakwa adzasema cholakwacho mwaukhondo ndi mofulumira.

Musaganize kuti nzeru imeneyi ndi ya dzulo. Makina oyamba osema chitsulo motsata manambala anaonetsedwa mu 1952 pa sukulu ya MIT ku America, ndipo manambalawo ankawaboola pa lamba wa pepala. Njira youzira makina za mzere wokhota inapezedwa ku France ndi anthu awiri ogwira ntchito m'makampani a galimoto: Paul de Casteljau wa ku Citroën mu 1959, ndi Pierre Bézier wa ku Renault amene anaifalitsa mu 1962. Iwo ankafuna kuumba matupi a galimoto, koma njira yawo ndi yomweyo imene lero isema chilembo cha S pa thabwa la kalabu yanu.

ZITHUNZI ZILI MITUNDU IWIRI

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, tsono mumve bwino. Mu kompyuta muli mitundu iwiri ya zithunzi, ndipo pa maso zioneka chimodzimodzi.

Mtundu woyamba ndi chithunzi chonga chimene mujambula ndi foni. Chimenechi ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa, monga mwana angayale nyemba zofiira ndi zoyera pa mphasa kufikira zitaoneka ngati tambala. Mukaima patali muona tambala. Mukayandikira muona nyemba zokha. Mukafuna kukulitsa tambalayo, nyemba iliyonse imakula nayo, ndipo m'mphepete mumakhala manomano. Mafayilo a mtundu umenewu maina awo amatha ndi JPG kapena PNG.

Mtundu wachiwiri amautcha vekita. Inu amene munaika akalozera m'munda muudziwa kale. Mumakhoma chikhomo apa, china uko, ndi kukoka chingwe pakati. Mzere suli m'nthaka ayi, uli m'zikhomo ndi m'chingwe. Mukafuna munda waukulu mumangotalikitsa zikhomo, ndipo chingwe chimakhala chowongoka monga kale. Mzere wokhota nawo uli ngati nsungwi yopindidwa: zikhomo ziwiri zigwira nsonga zake, zina ziwiri ziikokera kumene ikhotere. Chilembo cha vekita ndi zikhomo ndi zingwe zotere zolembedwa m'manambala. Mungachikulitse kuchokera pa chidindo kufika pa khoma la nyumba yosungiramo mbewu, sichiwonongeka. Makina osema amafuna mtundu umenewu, chifukwa biti imatsata chingwe. Singathe kutsata nyemba.

Mafayilo a vekita maina awo amatha ndi SVG, DXF, EPS, AI kapena CDR. Amapangidwa ndi mapulogalamu onga CorelDRAW, imene inatuluka mu 1989, Adobe Illustrator ya 1987, ndi Inkscape ya 2003 imene ndi yaulere. Mwana wanu wa ku sekondale amene ali ndi mwayi wa kompyuta angathe kuiphunzira Inkscape osalipira kanthu. Chenjerani ndi PDF. Imeneyi ili ngati thumba: mungakhale vekita, mungakhalenso chithunzi wamba. Kuika chithunzi cha foni mu PDF sikuchisandutsa vekita, monga kuthira gaga m'thumba la ufa woyera sikumsandutsa ufa woyera. Kuyesa kwake ndi kosavuta, ndipo ngakhale agogo angayese. Uzani mnyamata wa pa kompyuta akulitse chilembo chimodzi kufikira chitadzaza galasi lonse. M'mphepete mukakhala mosalala, ndi vekita. Mukaoneka timabokosi, si vekita, ngakhale iye alumbire.

Nanga chizindikiro cha kalabu yanu, chimene ena amati logo, chikakhala pa pepala pokha? Chijambulidwe chachikulu, ndi inki yakuda pa pepala loyera lopanda mizere. Ngati muchijambula ndi foni, foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, panja pamene pali kuwala, kuti chozungulira chisasanduke dzira. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati dokumenti, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi chimachepetsedwa pa njira. Kompyuta ili ndi batani lotsata chithunzi yokha ndi kuchisandutsa vekita. Batani limenelo ndi lokoma kwa waulesi. Limakhoma zikhomo mazanamazana pamene pafunika zisanu ndi chimodzi, ndipo makina akamatsata mzere wotere amanjenjemera, nasiya m'mphepete mokakala. Mnyamata wodziwa ntchito amaika chithunzi chanu pansi, nalemba mizere yatsopano pamwamba pake ndi dzanja. Zimatenga nthawi ndipo adzakulipiritsani. Lipirani. Ntchito imeneyi imachitika kamodzi, ndipo fayilo yomweyo idzakupangirani chidindo, malaya ndi zolemba pa matumba.

Ine ndiona kuti makalabu ambiri amadzaza chizindikiro monga ngolo ya pa tsiku la msika. Muli chimanga chokhala ndi njere zonse ndi ndevu zake, muli ng'ombe, khasu, dzuwa, manja ogwirana ndi phiri. Makina sasema mthunzi ndipo sasema mtundu. Amadziwa pokumba ndi posakumba basi, penti imadza pambuyo ndi dzanja. Sankhani chinthu chimodzi chimene mumagulitsa, chijambulidwe ndi mizere yochepa ndi yonenepa.

Kunena za kunenepa, kumbukirani khasu. Simungakumbe ngalande yopapatiza kuposa khasu lanu. Biti nayo ili ndi msinkhu wake, zambiri ndi za mamilimita 3 kapena 6. Mzere wa chilembo ukakhala woonda kuposa biti, makina adzaudumpha kapena adzaudya ndi za m'mbali zomwe. Ndiponso biti ndi yozungulira, chotero ngodya za m'kati zimatuluka zobulungira pang'ono. Ilipo biti ina yosongoka ngati V, ya madigiri 60 kapena 90, imene imalowa pansi pamene chilembo chili chotambalala ndi kukwera pamene chapapatiza. Imeneyo ndiyo itulutsa ngodya zakuthwa zonga za mmisiri wa dzanja. Funsani kuti adzagwiritsa iti musanasankhe mtundu wa zilembo. Zilembo zopotanapotana za pa makalata a ukwati zisiyeni ku ukwati.

Mzere wozungulira chilembo uyenera kutsekeka, nsonga ikumane ndi nsonga. Khola la mbuzi likakhala ndi mpata wa chikhatho chimodzi si kholanso. Kompyuta ikapeza mpata sidziwa kuti m'kati ndi muti, kunja ndi kuti, ndipo imakana ntchito kapena imasiya chilembocho chosasema. Mizere iwiri yogonerana nayo ndi yoipa: pa galasi ioneka umodzi, koma makina adzayenda pamenepo kawiri, ndipo ngati akulipiritsani potsata nthawi mudzalipira kawiri. Zilembo zokhudzana ziyenera kulumikizidwa zikhale chinthu chimodzi, kuti biti isadule m'kati mwa chinzake. Izi ndi ntchito za mnyamata wa pa kompyuta, si zanu. Koma mukamfunsa kuti, "Achimwene, kodi mizere yonse yatsekeka, nanga palibe yogonerana?" adzadziwa kuti amene abwerawa si anthu ongopusitsa.

KAKANG'ONO KAMENE KAMASOWA

Tsopano za chilankhulo chathu. Mitundu ya zilembo ya mu kompyuta, imene amati mafonti, siili yofanana mu kompyuta zonse. Fayilo ikachoka ku Ndirande kupita ku kompyuta ina imene ilibe fonti imeneyo, kompyutayo imaika ina mosafunsa, ndipo mawu amene anakwana bwino amasefukira kunja kwa thabwa. Amene dzina la mudzi wawo amalilemba ndi ŵ ya kadenga achenjere koposa, chifukwa mafonti ena alibe chilembo chimenechi, ndipo m'malo mwake mumatuluka kabokosi. Mankhwala ake ndi kusandutsa zilembo zonse zikhale mizere fayilo isanachoke. Zikatero kompyuta sizionanso ngati mawu koma ngati zojambula, ndipo sizisintha kulikonse zipite. Koma dziwani kuti zikasanduka mizere simungakonzenso kalembedwe mosavuta. Chotero fayilo zikhale ziwiri: ina ya mawu osinthika, ina ya makina.

Ku dera lina kumene ndimayendera kuli gulu la alimi a mkaka limene linapereka chithunzi cha chikwangwani chawo chakale kuti chisandutsidwe vekita. Kompyuta inatola ndi timadontho ta fumbi tomwe. Wokonza anayamba kuchotsa timadonthoto, ndipo pochotsa anachotsanso kachizindikiro kaja kamene kamakhala pakati pa g ndi o. Thabwa linafika kumudzi litalembedwa ALIMI A NGOMBE. Ana a sukulu anali oyamba kuona. Wokonza anati iye anapereka pepala kuti aliwerenge, a komiti anati sanalione, ndipo popeza panalibe amene anasaina, gulu linalipira thabwa lachiwiri. Choipa koposa sichinali kuseka kwa ana. Pa msonkhano wotsatira mamembala ena anayamba kunong'onezana kuti amayi osunga chuma adya ndalama, pakuti chikwangwani chimodzi chinalembedwa kawiri m'buku. Mayi amene anasunga ndalama za gulu mokhulupirika anatula udindo pansi. Kachizindikiro kameneka ndi kakang'ono, koma ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire zisiyana ndi iko komweko. Kadontho ka pa i nako kamasowa mwa njira yomweyo.

Tsono musalole makina kuyamba musanaone pepala. Asindikize chikwangwani chonse pa pepala, kuchokera pa fayilo yeniyeni imene ipite ku makina. Anthu atatu awerenge mokweza chilembo ndi chilembo, mmodzi akhale mphunzitsi kapena wina amene sanalembe nawo, chifukwa maso a wolemba amaona zimene anafuna kulemba. Ngati ndinu koperetivi yolembetsedwa ku Boma, dzina lifanane ndi la pa chiphaso chanu. Wapampando asaine, mmisiri asainenso, ndipo aliyense asunge lake pamodzi ndi lisiti.

Za msinkhu ndifulumira. Nenani muyeso wa thabwa m'mamilimita, ndipo ulembedwe pa pepala lomwelo. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo fayilo yopangidwa m'mainchi ikatsegulidwa ngati mamilimita, chikwangwani cha pamsewu chimasanduka chonga bokosi la machesi. Mabolodi a m'sitolo amabwera a mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Olemba zikwangwani amawerengera kuti chilembo cha mamilimita 25 chiwerengeka bwino pa mamita atatu, chotero cha mamilimita 100 chiwerengeka bwino pa mamita 12. Pa thabwa la mamilimita 1220, mutasiya malo m'mbali, zilembo zotere zikwana ngati 14 pa mzere umodzi. Liwu lakuti KOPERETIVI lokha lili ndi 10. Muona tsono kuti malo ndi ochepa. Lembani dzina, chimene mugulitsa, ndi muvi woloza njira. Maina a komiti musaseme, pakuti chisankho chikubwera. Nambala ya foni ikhale pa kathabwa kapadera komangidwa ndi zomangira, kuti mlembi akasintha musatayenso thabwa lonse.

Kasemedwe kali mitundu itatu ndipo mitengo yake isiyana. Zilembo zolowa pansi ndi zofulumira. Zilembo zotukuka zimafuna kuti makina adye thabwa lonse lozungulira, ndipo zimatenga nthawi yaitali. Mtundu wachitatu ndi woboola, ndipo kwa mlimi ndiwo wa phindu loposa: amaboola dzina lanu pa pulasitiki yolimba, inu mumangoika pa thumba la soya ndi kupaka penti. Matumba zana amatuluka ndi dzina lofanana. Koma pa woboola, mitima ya zilembo monga O, A, D, B, P ndi R, ndi ya manambala 0, 4, 6, 8 ndi 9, imagwa pansi ngati sanaisiyire timilatho toigwira. Onani pa pepala lija kuti timilathoto tilipo.

Zizindikiro za anthu ena musatole pa intaneti. Ngati bungwe lina linakuthandizani ndipo lifuna chizindikiro chake pa thabwa, pemphani ku ofesi yawo akupatseni fayilo ya vekita ndi chilolezo. Mbendera ndi chizindikiro cha Boma zili pansi pa lamulo la 1967 loteteza mbendera, zizindikiro ndi maina, ndipo si za kuika pa malonda mwa kufuna kwanu. Pa intaneti mudakali ngakhale mbendera ija ya dzuwa loyera lathunthu imene inabwera mu 2010 nichotsedwa mu 2012, ndipo wosadziwa angaitole. Chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS chimaikidwa ndi okhawo amene katundu wawo anayesedwa ndi kuvomerezedwa.

Thabwa likhale louma. Lauwisi limapindika, ndipo biti imalowa kwambiri pena, pena ingokanda. Bolodi la MDF limasemeka bwino koma limamwa madzi ngati chinkhupule, chotero ndi la m'nyumba mokha. Mlombwa ndi mbawa zimapirira mvula ndi dzuwa, koma funsani kumene thabwalo lachokera, pakuti lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, kanani. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, ndipo pamene anauwerenga mu 2017 mitengo yaikulu inapezeka isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Mukaima pa msika wa Ndirande kwezani maso muone phiri limene lili pamwamba panu. Kale linali nkhalango. Paini wouma wa ku Chikangawa, wopakidwa penti mbali zonse ndi m'mphepete momwe, akwana ntchito ya kalabu. Mizati ikhale ya chitsulo, kapena ya bulugama wothiridwa mankhwala a chiswe.

Kodi chikwangwani chilichonse chifuna makina? Ine nditi iyayi. Cha pa munda wachionetsero chimakhala nyengo imodzi, ndipo mbewu ndi tsiku lobzala zimasintha chaka ndi chaka. Chimenecho mpatseni wa bulashi wa ku Ndirande alembe pa lata, mtengo wake ndi wochepa ndipo mukalakwitsa amapakanso. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zochokera kunja monga mabiti ndi pulasitiki zinakwera mtengo, ndipo mwini makina sangachitire mwina koma kuika zimenezo pa inu. Makina apindula pamene mufuna zikwangwani zambiri zofanana, choboola cha matumba, kapena thabwa limodzi la pa chipata lokhala zaka zambiri.

Musanapereke ndalama yoyamba gwirizanani polemba kuti ntchito ikatha fayilo ya vekita ndi yanu. Ena amaisunga kuti mudzabwerenso kwa iwo okha. Nyamulani fulashi ya kalabu akuikireni mafayilo onse awiri, ndipo fulashiyo isungidwe m'bokosi limodzi ndi chiphaso cha gulu, osati m'thumba la mlembi. Perekaninso masiku okwanira, chifukwa magetsi akazima makina amaima, ndipo si nzeru kuitana a Gulupu ku mwambo wotsegulira thabwa lisanafike. Ngati chikwangwani chiima m'mbali mwa msewu waukulu, yambani mwafunsa ku khonsolo za malo oyenera ndi chilolezo musanakumbe maenje.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuyanika ndi kusankha nandolo asanalowe m'matumba.